Mmene tinatulukira m'paki ya akatungwe n'kukafika kunyanja

Kwa zaka zinayi zotsatizana, sukulu zikangotsekera, ana athu ankadziwa kale kopita. Panalibe zofunsana. Loweruka loyamba la tchuthi tinkadzuka m'mamawa kuno ku Mufakose mu Harare, kuwasambitsa, kuwaveka zovala za kutchalitchi, kukwera kombi mpaka m'tauni, kenako ina yokatitula pa paki ya zoseweretsa ana. Amene muli mu Harare mukuwadziwa malo oterewa: akatungwe oyendera magetsi, tigalimoto togundana, kasitima kozungulira, chinyumba chopopa mpweya chodumphamo, ndi ayisikilimu wosungunukira m'manja. Kumapeto kwa Ogasiti tinkawonjezera tsiku la ku Harare Agricultural Show, komwenso ana analibe ntchito ndi ng'ombe kapena mathirakitala. Ankangotikokera ku akatungwe basi.

Malo amenewa sindingawanyoze, chifukwa anatithandiza. Mnyamata wathu, yemwe ndi wachiwiri kubadwa, anali wamantha kwambiri, ndipo ndi kumeneko komwe anaphunzirira kuima pamzere ndi ana osawadziwa, kupereka yekha tikiti, ndi kukwera chinthu chomuopsa. Komanso kwa ine amene ndimakhala pa makina osokera mayunifolomu sabata yonse, malo a mpanda, oti mwana sangasochere, ndi mpumulo ndithu. Koma chaka chachinayicho ndinaona kuti mwana wathu wachisamba, yemwe anali atakwanitsa zaka 12, akungokhala pa benchi ndi foni yanga kudikira abale ake. Zithunzi za chaka chimenecho ndi za chaka cham'mbuyo zinkasiyana msinkhu wa ana wokha.

Amene anandidzutsa kutulo ndi bambo anga. Iwo anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, n'kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya asanapeze ina m'fakitale ku Southerton. Panopa zaka zawo zapitirira 80 ndipo timakhala nawo. Tsiku lina madzulo magetsi atathima ankasimbira adzukulu awo za ulendo umene anayenda wapansi ndi atsibweni awo kukapikula usipa kunyanja, mmene anaonera madzi opanda tsidya, ndi nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba. Mnyamata wathu anamvetsera bwinobwino, kenako anafunsa m'Chishona ngati nyanjayo imaposa dziwe la kupaki lija lopalasamo timaboti. Bambo anakhala chete kanthawi. Ana atakagona anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwanawe, ana awa ukuwalera m'chitini. Dziko la kuno sakulidziwa, la kwathu sakulidziwanso."

Mawu amenewo anandipweteka, koma sindinawatsutse. Usiku womwewo ine ndi bambo a ana tinatenga pepala n'kuwerengera ndalama zimene zinkapita kupaki pa chaka: makombi a anthu asanu kupita ndi kubwera, matikiti a katungwe aliyense payekhapayekha, tchipisi, zakumwa, ndi kachidole koti mzime asalire potuluka. Titaphatikiza maulendo onse a tchuthi cha Epulo, cha Ogasiti ndi cha Disembala, tinapeza kuti ndalamazo zikadatha kugula petulo wokafika ku Masvingo ndi kubwerako. Tinali kudzinamiza kuti maulendo akutali ndi a anthu olemera, pamene ndalama yake inkatuluka m'thumba mwathu pang'onopang'ono osaiona.

Poyamba ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna inu musalakwitse chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti popeza ndikufuna ana aphunzire, ndiwatengere kunyumba ina yosungiramo zinthu zakale m'tauni muno. Ndinawauzanso mwaukali kuti za akatungwe zatha. Mkati mwa nyumbayo munali zinthu zabwino zedi, koma zonse zili m'magalasi, ndipo ine ndinkangoti "musagwire", "musathamange", "werengani apa". Ola lisanathe mzime anali atakhala pansi akulira, mnyamata akufunsa nthawi yobwerera, wachisamba nkhope ili ndwii. Pobwerera m'kombi munali zii. Anawo anamva ngati ndawalanda tchuthi n'kuwabwezera kusukulu, ndipo sanalakwe kumva choncho.

Bambo a ana ndiwo anaona pomwe panali vuto. Anandifunsa kuti, "Kodi mayi, munayamba mwawafunsa chimene amakonda kupakiko?" Ndinali ndisanafunsepo. Titawafunsa aliyense payekha, mayankho anali osiyana. Mnyamata anati amakonda kukhala pamwamba n'kumaona anthu atachepa ngati nyerere. Mzime anati amakonda madzi ndi timaboti. Wachisamba anati kale ankakonda kuchita mantha, mtima kugunda, koma tsopano palibe chimamuopsa chifukwa akudziwa kale pomwe katungwe aliyense akhotere. Pamenepo m'pomwe ndinamvetsa kuti mwana sakonda chitsulo chopakidwa penti ayi. Amakonda chimene thupi lake limamva: kukwera, kuterereka, kunyowa, kuopa pang'ono kenako n'kuseka. Ntchito yathu inali kufuna malo enieni opatsa mwana zimenezo, zakuphunzira zibwere pambuyo zokha.

Ndiye tinayambira pafupi, ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Harare. Tinanyamula kamba wathu: mbatata yophika, mazira, maputi (mbuliuli), ndi botolo lalikulu la chakumwa cha Mazoe chosungunula kale. Kumeneko kuli chithanthwe chachikulu chokwera mosavuta, moti ngakhale mzime wa zaka zisanu anakwera ndi miyendo yake. Mnyamata anathamanga kutsogolo, ndipo titamupeza pamwamba anali ataima manja ali m'chiuno akuyang'ana midzi, minda ndi ng'ombe pansi. Sanafunse za paki tsiku lonse. Pansi pa thanthwe lina pali zithunzi za nyama ndi anthu zimene alenje akalekale anajambula pamwala. Ine sindinanene kanthu, ndinangowasiya azipeze okha, ndipo anayamba kupikisana kuwerenga nyamazo. Madzulo atawasonyeza agogo awo pa foni, bambo anati kwathu zoterezi zilipo ku Chongoni ku Dedza, ndipo akuluakulu ankati zina anajambula ndi Akafula. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Chongoni linalowa m'nyumba mwathu. Mukapita ku Domboshava pitani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa masana thanthwelo limatentha ndipo mthunzi ndi wosowa. Nsapato zikhale zogwira pamwala, osati mapatapata.

Tchuthi chotsatira alamu anga anatibwereka kagalimoto kawo ka Honda Fit, ndipo tinapita ku mapanga a ku Chinhoyi, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 120 pa msewu wa ku Chirundu. Uwu ndi ulendo wopita ndi kubwerako tsiku lomwelo, choncho palibe ndalama ya malo ogona. Bambo anga tinapita nawo. Mumatsika masitepe ambiri kulowa pansi, kuwala kumachepa, mpweya kumazizira, kenako mwadzidzidzi mumaona dziwe la madzi obiriwira ngati thambo, oyera moti miyala ya pansi imaoneka. Wachisamba uja, amene ankati palibe chomuopsa, anandigwira dzanja m'phanga la mdima mpaka kundisiyira zipsera za zikhadabo. Potuluka ankaseka yekha.

Dziwelo Ashona amalitcha Chirorodziva, ndipo mbiri imene amasimba kumeneko imati m'zaka za m'ma 1830 gulu la Angoni lopita kumpoto linapeza anthu a pamalopo n'kuwaponya m'madzimo. Mnyamata atamva mawu oti Angoni anatembenukira kwa agogo ake n'kufunsa kuti, "Agogo, ndi ife?" Ine ndinachita kakasi. Bambo sanazembe. Anakhala pa mwala n'kuwauza kuti makolo athu Angoni anachokeradi kumwera, anadutsa dziko lino ndi nkhondo, anawoloka Zambezi, ndipo m'njiramo anachita zabwino ndi zoipa zomwe. Anati munthu ayenera kudziwa zonse ziwiri za mtundu wake. Ana anamvetsera phee. Zimene ndinalephera kuwaphunzitsa ndi ukali pakati pa magalasi aja anaziphunzira atakhala pa mwala akudya nthochi.

Apa ndinenepo za chitupa. Malo ambiri a boma, kaya a Zimparks (bungwe loyang'anira nkhalango ndi nyama zakutchire) kaya osungidwa ngati chuma cha mbiri ya dziko, amalipiritsa nzika ndi anthu okhala m'dziko muno mtengo wotsika kuposa alendo ochokera kunja. Nyamulani zitupa zanu, ndi makope a zikalata za kubadwa za ana. Nyamulaninso madola ang'onoang'ono a m'manja, chifukwa netiweki ya foni ikavuta pachipata kapena pa toligeti, EcoCash, njira yolipirira pa foni, siikuthandizani, ndipo chenji cha ndalama yaikulu chimasowa.

Ulendo woyamba wokagona kunja unali wa ku Great Zimbabwe. Kuchoka ku Harare kukafika ku Masvingo ndi makilomita pafupifupi 290, ndiye n'kuwonjezera ena pafupifupi 30. Tinagona kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene anasamukira ku Mucheke, m'tauni ya Masvingo, ndipo tinamutengera shuga, mafuta ophikira ndi sopo monga mwa ulemu wake. Musachite manyazi kufunsa kumpingo. Ife a CCAP ndi mipingo ina ya anthu akwathu tili ndi abale m'matauni ambiri a dziko lino, makamaka momwe munali migodi ndi mafamu. Ana anali ataphunzira kusukulu kuti mzindawu unamangidwa kuyambira zaka za m'ma 1000 mpaka m'ma 1400, ndi miyala yosanjikiza popanda simenti kapena dothi lomatira. Koma chimene chinawagwira mtima si chimenecho. Chinali kanjira kopanikiza kokwera kuphiri, kodutsa pakati pa miyala ikuluikulu moti munthu wamkulu amachita kupendeka, ndi kampata kakatali ka pakati pa makoma awiri m'chimpanda chachikulu, momwe khoma limafika mamita 11. Anathamangamo kupita ndi kubwera mpaka ndinasiya kuwerenga. Ataona mbalame zosemedwa pamwala zimene zinapezeka pamalopo, mzime anakuwa kuti ndi mbalame ya pa mbendera. Chenjerani ndi apusi. Mmodzi anatilanda buledi wathunthu tikuona.

Ku Nyanga ndiko tinalumwa. Ndinapeza nambala ya munthu wina pa gulu la WhatsApp amene ankati ali ndi kanyumba kobwereketsa, zithunzi zake zokongola, mtengo wake wotsika. Ananditumizira uthenga kuti anthu ambiri akukafuna, ndiye nditumize theka la ndalama msanga. Ndinatumiza. Titafika, titayenda ulendo wonse kudzera ku Marondera ndi Rusape, foni yake inali yothima, ndipo anthu a m'deralo sankamudziwa. Paja amati safunsa anadya phula. Tinapeza malo ena dzuwa litalowa, okwera mtengo, ndipo tinadula tsiku limodzi pa ulendowo kuti ndalama ikwane. Musatumize ndalama kwa munthu amene palibe mnzanu anagonapo pa malo ake. Ngati mukufuna nyumba za m'nkhalango ya boma, kalembetseni ku ofesi ya Zimparks mwachindunji, ndipo mulandire lisiti.

Ngakhale zinatero, Nyanga inatikomera. Kumazizira koopsa, ngakhale mu Ogasiti, ndiye majuzi, zipewa ndi mabulangete owonjezera musasiye. Ana anasewera pa dziwe la mtsinje wa Nyangombe, pomwe pali kamchenga, madzi ake ozizira ngati a mufiriji, akulowa n'kutuluka akukuwa mano akugundana. Tinakaima pa World's View n'kuona dziko litayalidwa pansi pathu. Phiri la Nyangani, lomwe ndi lalitali kuposa onse m'Zimbabwe pa mamita 2,592, tinangoliona patali. Anthu a kumeneko amalilemekeza ndipo amasimba za anthu amene anasowa m'menemo chifunga chitatsika mwadzidzidzi. Bambo a ana anati zikufanana ndi zimene amamva za Sapitwa pa phiri la Mulanje. Ndi ana aang'ono musakwere popanda wokutsogolerani wa pamalopo.

Nthawi yonseyi mtima wanga unali kunyanja. Victoria Falls tinaiganizira, koma ndi kutali, kudzera ku Bulawayo, ndipo zinthu kumeneko zimagulitsidwa pa mtengo wa alendo akunja. Titawerengera tinaona kuti ndalama yomweyo ingatifikitse ku Malawi, komwe malo ogona ndi chakudya cha masiku ambiri zikanakhala za kumudzi. Kusankha kunali kosavuta, makamaka poona zaka za bambo.

Chimene chinatenga nthawi ndi mapepala. Ambiri a ife obadwira kuno kwa makolo a ku Malawi tinakula ndi zitupa zotitcha alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, omwenso anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, anatsegula njira yoti wobadwira kuno kwa kholo lochokera m'dziko la SADC akhale nzika. Ine ndinali nditakonza kale changa, koma mapasipoti a ana atatu ndi ndalama yambiri, ndiye tinkatenga imodzi imodzi. Ndinalowa mukando wa amayi a kumpingo, womwe kwathu amati chipereganyu, n'kumaponya madola 20 mwezi uliwonse, ndipo ndalama za mayunifolomu a mu Januwale sindinazikhudze. Zinatitengera chaka ndi theka. Yambani ndi zikalata za kubadwa, onetsetsani kuti mayina alembedwa mofanana paliponse, chifukwa mayina athu a Chichewa amalembedwa mosiyanasiyana kuno ndipo chilembo chimodzi chikhoza kukubwezani. Ngati kholo limodzi likutsala, tengani kalata yolumbirira yosonyeza kuti lavomera kuti ana atuluke.

Tinasankha tchuthi cha Ogasiti dala. Mu Disembala chigwa cha Tete chimatentha moti nkhalamba ndi mwana wamng'ono angakomoke m'basi, mvula imaononga misewu ya kumudzi, ndipo udzudzu umachuluka. Basi inanyamuka m'mawa, kudzera ku Murewa ndi Mutoko mpaka pa chipata cha Nyamapanda, makilomita pafupifupi 240. Mukadinditsa pamenepo mumalowa Mozambique pa Cuchamano. Okhala ndi pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi safuna viza. Kuchokera apo ndi dziko la malambe, mitengo ikuluikulu ili mbuu m'mbali mwa msewu, ana akuwerenga mpaka kutopa. Pofika pa Tete ndinawadzutsa kuti aone Zambezi. Bambo anasuzumira pawindo nthawi yaitali, n'kunena kuti pamene ankabwera kunalibe mlatho, ankawoloka pa pantoni. Kenako Moatize ndi milu yake ya malasha, kukwera mapiri mpaka Zobue, ndiye Mwanza. Ulendo wonse wa Harare mpaka Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, koma musawerengere makilomita, werengerani zipata. Pa chipata chilichonse basi yonse imatsika, katundu amasechedwa, ndipo maola amapita. Nyamulani madzi ambiri, chakudya chosasasa msanga, mapepala a kuchimbudzi, ndi chitenje chofunditsa mwana. Mapasipoti onse akhale m'kachikwama kamodzi ka pakhosi panu.

Ife tinatsikira pa Zalewa n'kukwera minibasi yopita ku Ntcheu. Za kumudzi ndikadalemba tsiku lonse. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anatuluka m'nyumba akulira ndi kululutira nthawi imodzi, akuti, "Achimwene, mwabwera ndi maso!" Anthu anadzaza pabwalo kudzaona matchona a ku Halale. Ana athu poyamba anauma, chifukwa Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chishona ndipo anzawo ankaseka akamati sadza m'malo mwa nsima. Ndinali nditawaphunzitsa kunyumba kugwada popereka moni kwa akulu, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kuyankha kuti "wawa" kapena "zikomo" akaitanidwa, ndipo zimenezo zinawatsegulira mitima ya anthu. Tsiku lachitatu mnyamata anali atasowa kale ndi abale ake kubusa mbuzi, akubwera miyendo ili mbuu, m'thumba muli masawu. Wachisamba anaphunzira kusinja ndi kupeta. Mzime anakwera ngolo ya ng'ombe kupita kuchigayo, ndipo anatsika akunena kuti imaposa kasitima ka kupaki chifukwa imapita kwinakwake.

Musapite kumudzi manja lendelende, komanso musapite ngati olemera. Ife tinatenga zitenje, shuga, sopo, zovala zimene ana anasiya, ndi mayunifolomu angapo amene ndinasoka ndekha. Ndalama ya ndiwo tinkapereka kwa azakhali mwakachetechete. Tinawauzanso poyambirira kuti pa masiku khumi athuwo, atatu ndi a kunyanja, kuti pasadzakhale kukhumudwa. Tinatenganso ana awiri a asuweni anga, omwe ngakhale amakhala ku Ntcheu anali asanaionepo nyanja.

Tinatsika kudzera ku Golomoti kulowera ku Monkey Bay, n'kukhotera ku Cape Maclear, kumudzi wa Chembe. Msewu umadutsa pakati pa mapiri a miyala ndi nkhalango momwe anyani amakhala m'mbali. Kenako mapiri anatseguka, nyanja n'kuonekera. M'galimoto munakhala chete. Mnyamata uja, amene anafunsa za dziwe la kupaki, anatsika n'kuyenda yekha mpaka madzi anamufika m'mawondo, akuyang'ana uku ndi uku kufuna tsidya. Bambo anga anavula nsapato, anapinda buluku, n'kukaima pambali pake. Sindinamve zimene anakambirana, ndipo sindinafunse.

Malowa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna topezeka m'nyanja imeneyi. Tinachita haya boti la mnyamata wina wa m'mudzimo kupita ku chilumba cha Thumbi. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo musalole mwana kukwera popanda jekete yoyandamitsa, ngakhale mwini boti akuuzeni kuti nyanja yagona. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kumaomba mwera, ndipo madzi amene ali bata m'mawa amatha kulusa masana, n'chifukwa chake ife tinapita dzuwa litangotuluka. Pa miyala ya pachilumbapo ana anavala magalasi oonera m'madzi, ndipo tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere tinkawazungulira mpaka kuwakhudza zala. Pobwerera mwini boti anaimba likhweru n'kuponya kansomba m'madzi. Nkhwazi inachoka pa mtengo, inatsika mapiko ali tambalala, n'kukatola pafupi ndi ife. Mzime anakuwa kuti, "Agogo, ija munkanena ija!" Madzulo tinadya nsima ya chambo chootcha ndi kampango, tikuona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi usiku.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pomwe tikanataya mwana. Harare ili pamtunda ndipo malungo si ambiri, choncho ana okulira kuno matupi awo sanazolowere. Ku Tete, ku Mangochi, ngakhale ku Kariba ndi m'chigwa chonse cha Zambezi, malungo ndi oopsa. Tinanyamula maneti athu ndi mafuta othamangitsa udzudzu, koma usiku wina kunyanja mnyamata anagona mkono uli kunja kwa neti. Patatha masiku khumi tibwerere ku Harare anayamba kutentha thupi, mutu, ndi kusanza. Ndinayamba kumupatsa Panado poganiza kuti ndi chimfine cha kusintha kwa nyengo. Bambo anga ndiwo anati, "Ameneyu ndi malungo, thamanga naye." Kuchipatala ndinanena msanga kuti tachokera ku Malawi, anamuyeza magazi pa chala, n'kupezeka nawo. Analandira mankhwala ndipo anachira. Mwana akatentha thupi m'masabata otsatira ulendo wotere, musadikire, ndipo muwauze achipatala komwe munapita, chifukwa kuno sangayambe aganizira malungo mukapanda kunena. Musananyamuke kafunseninso za mankhwala oteteza. Chinanso ndi likodzo. M'madera ena a m'mphepete mwa nyanja, makamaka momwe muli bango ndi nkhono pafupi ndi midzi, tizilombo take tilimo. Sitinawaletse ana kusambira, koma patatha miyezi iwiri tinapita tonse kukayezetsa, ndipo awiri analandira mapiritsi.

Paki ija sitinaisiye. Paja akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Timapitako kamodzi pa chaka, pa tsiku lobadwa la mzime, ndipo amasangalala ndi mtima wonse chifukwa msinkhu wake ndi womwewo. Kumuletsa kukanangomupangitsa kudana ndi maulendo enawo. Chimene chinasintha n'chakuti sabata yoyamba ya teremu iliyonse timayala buku la mapu la kusukulu pa tebulo, aliyense n'kutchula malo amodzi ndi chimene akufuna kukachita kumeneko. Ine ndi bambo awo timanena poyera ndalama imene ilipo, ndipo ana amathandiza kuwerengera petulo ndi matoligeti. Malo akakhala odula, sitinena kuti ayi, timalemba kumbuyo kwa bukulo kuti adikire. Victoria Falls ili pamenepo mpaka lero.

Panopa m'nyumba muli mkangano. Mnyamata akufuna Kariba, akaime pa khoma la damu lija lotalika mamita 128 ndi kuona komwe matemba amene timagula ku msika wa Mbare Musika amachokera, kuti akawayerekeze ndi usipa. Wachisamba akufuna tibwerere ku Malawi tikaone zithunzi za ku Chongoni zimene nthawi inatithera tisanafike, ndipo wayamba kulemberana mauthenga m'Chichewa ndi msuweni wake wa ku Ntcheu kufunsa za minibasi za ku Dedza. Bambo akuti miyendo yawo singapirirenso zipata za ku Tete, koma ku Kariba angapite ngati tipita mu Ogasiti kusanatenthe. Mzime wavotera agogo ake. Maneti ndachapa kale, ndipo mwezi wamawa mukando ukugwera ine.